Dzala Losakumbidwa: Mbiri ya Zinyalala za Nyukiliya ku Britain

Pa 17 Okutobala 1956, Mfumukazi Elizabeth yachiwiri idapita ku Calder Hall, m'mbali mwa nyanja ya mchere kumpoto chakumadzulo kwa England, kukatsegula malo opukusira magetsi a mtundu wachilendo. Magetsi ake sankachokera ku malasha kapena ku mathithi a mtsinje, koma ku mphamvu ya nyukiliya. Mfumukaziyo itakoka chitsulo choyatsira, magetsi adayenda m'mawaya nakafika m'nyumba za anthu a m'tauni ya Workington, ndipo dziko lonse la Britain lidanyadira kuti latsogola pa nzeru zatsopano. Nkhani ya tsikulo idali ya kuwala, ya mafakitale ndi ya ulemerero wa dziko. Za zinyalala zotsala m'ng'anjo, ndi za amene adzalipire pozisamala, zidasiyidwa kuti zidzaoneke m'tsogolo.

Calder Hall adagwira ntchito pafupifupi zaka 47, natsekedwa mu 2003. Magetsi ake adayaka nazima kalekale, ndipo ambiri mwa amene adawaona poyamba adatsikira kuli chete. Koma zinyalala zikalipo pamalo pomwepo, pamene lero pakutchedwa Sellafield. Mu 2024 bungwe lofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma la National Audit Office lidalengeza kuti kuyeretsa malo amodzi okhawa kudzadya mapaundi 136 biliyoni, ndi kuti ntchitoyo idzatha cha mu 2125. Motero mwana wobadwa lero ku Britain adzapereka msonkho wa ntchitoyi moyo wake wonse, ndipo adzukulu ake adzaupezabe. Ngongole imeneyi siidakule tsiku limodzi. Idakula chifukwa kwa zaka zoposa 70 maboma otsatizanatsatizana adakonda kusiyira linzawo lobwera pambuyo chigamulo chimene palibe lidafuna kuchisenza.

Poyamba omvera ayenera kudziwa chimene chikutchedwa zinyalala za nyukiliya. Ng'anjo ya nyukiliya siotcha nkhuni kapena malasha. M'kati mwake amaikamo ndodo za chitsulo chotchedwa yureniyamu, chochokera ku miyala ya mtundu umene umapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga. Tizigawo ting'onoting'ono ta chitsulochi, totchedwa maatomu, tikamasweka timatulutsa kutentha kwakukulu. Kutenthako kumawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndiyo imazunguza makina opukusa magetsi. Pakapita zaka zingapo ndodozo zimafooka, ndipo amazichotsa naikamo zina. Koma zimatuluka zili zotentha, zikutulutsanso cheza chosaoneka ndi maso ndi chosamveka fungo, chimene chimalowa m'thupi ndi kuononga magazi ndi mafuta a m'mafupa. Munthu woyandikira ndodo yotere popanda chotchinga angathe kufa m'masiku owerengeka, ndipo cheza chochepa cholandiridwa kwa nthawi yaitali chingathe kuyambitsa khansa. Chilichonse chokhudzana ndi ndodozo, kaya ndi madzi, mipope, zovala za antchito kapena makoma a nyumba, nachonso chimasanduka chinyalala.

Cheza chimenechi sichizimitsidwa ndi madzi ndipo sichipsa ndi moto. Chimatha ndi nthawi yokha. Zina mwa zotsalirazo zimafooka m'masiku ochepa, zina zimataya theka la mphamvu yake m'zaka 30, koma pulutoniyamu, chitsulo chimene chimabadwira m'ng'anjo momwemo, amafuna zaka 24,000 kuti ataye theka lokha. Manda akuluakulu a mafumu a ku Egypt, amene anthu amazizwa nawo chifukwa cha kukhalitsa, angotha zaka 4,500 chabe. Pamudzi, dzala likadzaza amalikwirira nabzalapo nthochi. Dzala la zinyalala izi liyenera kukhala chitsekere zaka zoposa 100,000, osadontha ndi osafukulidwa.

Chiyambi cha zinyalala za ku Britain si magetsi ayi, koma bomba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la America lidakana kugawana ndi Britain nzeru za bomba la atomu, ndipo mu Januwale 1947 boma la a Clement Attlee lidagamula mwachinsinsi kupanga lakelake. Lidatenga malo a fakitale yakale ya onga ku Sellafield, lidawatcha Windscale, ndipo lidamangapo ng'anjo ziwiri zopangira pulutoniyamu wa bombalo. Yoyamba idayaka mu 1950, yachiwiri mu 1951, ndipo bomba lidaphulitsidwa mu Okutobala 1952 pa zilumba za Monte Bello kufupi ndi Australia. Ntchito yonseyi idachitika mwaliwiro, pakuti chofunika kwa akuluakulu chidali chakuti pulutoniyamu apezeke pa tsiku lake, zotsalazo ziyambe zaikidwa pambali. Amisiri adamanga dziwe la konkire lopanda denga loziziritsiramo ndodo, namanganso nkhokwe yaitali ya konkire yoponyeramo makoko osendedwa ku ndodozo. Nkhokweyo idali ndi polowetsera, koma idalibe potulutsira, popeza panalibe amene adapatsidwa udindo woganiza za tsiku lodzaipungula.

Chenjezo loyamba lidabwera pa 10 Okutobala 1957, patangotha chaka chimodzi chitsegulire Calder Hall, pamene ng'anjo yoyamba ya Windscale idagwira moto. Amisiri adalimbana nawo usiku wonse. Wachiwiri kwa mkulu wa pamalopo, a Tom Tuohy, adakwera kangapo pamwamba pa ng'anjoyo kukasuzumira motowo, kenaka adauthira madzi natseka mpweya, moto nuzima. Utsi wapoizoni udatuluka pa chumuni nugwera pa msipu wa ng'ombe. Mwayi udalipo wakuti katswiri wina, a John Cockcroft, adaumirira kale kuti pamwamba pa chumunicho paikidwe masefa, ngakhale anzawo ankawaseka kuti akungoononga ndalama. Masefawo adagwira gawo lalikulu la poizoniyo. Komabe mkaka wa m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 500 udatayidwa kwa milungu ingapo. Nduna yaikulu, a Harold Macmillan, poopa kuti America ingaleke kukhulupirira Britain pa za nyukiliya, adaletsa kuti lipoti lenileni la ngoziyo lionedwe ndi anthu, ndipo lidatulukira poyera mu 1988. Ng'anjo yopsayo idatsekedwa ndi zotsala zake m'kati, ndipo siidaphwasulidwebe. Chizolowezi chobisa zinthu chidadzavutitsa boma pambuyo pake, chifukwa anthu adaleka kukhulupirira mawu ake pa nkhani ya nyukiliya.

Ngoziyo siidaimitse ntchito. Dziko la Britain lidamanga ng'anjo 26 za mtundu wa Calder Hall, wotchedwa Magnox. Ndodo za ng'anjo zimenezi zinkakutidwa ndi chikopa cha chitsulo chimene chimadyeka chikakhalitsa m'madzi, kotero sizikadatheka kuzisunga nthawi yaitali m'maiwe. Zonse zinkatumizidwa ku Sellafield, kumene ankazisenda monga asendera nzimbe, kuzisungunula m'mankhwala owawa ndi kupatulamo pulutoniyamu. Boma linkati pulutoniyamu ameneyu si chinyalala koma chuma, pakuti linkayembekeza kuti ng'anjo za mtundu wina, zimene zinkayesedwa ku Dounreay kumpoto kwa Scotland, zidzamugwiritsa ntchito popukusa magetsi a mibadwo yambiri. Chifukwa cha chiyembekezo chimenechi, m'mabuku a boma simudalembedwe mtengo wodzamutaya.

M'zaka za m'ma 1970 anthu okumba malasha adanyanyala ntchito, magetsi nachepa m'dziko lonse. Ng'anjo za nyukiliya zidakakamizidwa kugwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ndodo zotha zidafika ku Sellafield zochuluka kuposa zimene fakitale ikadatha kusungunula. Zidaunjikana m'dziwe lina lopanda denga, zidadyeka, ndipo pansi pa dziwelo padadzala matope a cheza osakanikirana ndi ndere ndi zinyalala zouluka ndi mphepo. Makoko ake ankaponyedwa m'nkhokwe yachiwiri yodzaza madzi, imene idayamba kugwira ntchito mu 1964. Kaundula wa zoponyedwamo sadasungidwe bwino, kotero kuti antchito a m'badwo wotsatira adalandira maiwe ndi nkhokwe zimene sankadziwa bwinobwino zam'kati mwake. Magetsi adayakadi m'nyumba pa nthawi ya mavutoyo, koma mtengo wake weniweni sudalembedwe pa bilu ya munthu aliyense.

Padali njira ina imene boma linkaiona yapafupi, ndiyo nyanja. Kuyambira mu 1949 kufikira mu 1982, zinyalala za cheza chocheperapo zinkalongedwa m'migolo, kukwezedwa m'zombo ndi kukaponyedwa m'madzi akuya. Madzi otsukira a ku Sellafield ankatsanulidwa kudzera m'mipope m'nyanja ya pakati pa Britain ndi Ireland, ndipo maiko a Ireland ndi Norway adadandaula nazo kwa zaka zambiri. Bungwe la Greenpeace linkaika timabwato take m'munsi mwa malo oponyera migolo pofuna kutsekereza ntchitoyo. Mu 1983 bungwe la amalinyero a ku Britain lidakana kunyamulanso migoloyo. Chaka chomwecho maiko adagwirizana kuyamba aimitsa mchitidwewu, ndipo mu 1993 adauletseratu. Kuyambira pamenepo zinyalala zolimba za Britain zidayenera kupeza malo pamtunda.

Langizo lomveka lidali litaperekedwa kale. Mu 1976 komiti yoona za kuonongeka kwa chilengedwe, yotsogozedwa ndi a Brian Flowers, amene nawonso adali katswiri wa nyukiliya, idapereka lipoti lake ku boma. Mfundo yake yaikulu idali yakuti dziko lisadzimangirire kumanga ng'anjo zambiri lisadatsimikize kuti pali njira yosungira zinyalala zoopsazo mpaka kalekale. Njira imene akatswiri ambiri ankaiona yabwino idali yozikwirira pansi penipeni, m'thanthwe lolimba losayenda madzi. Chotsala chidali kupeza malo, ndipo apa ndi pamene padagona vuto.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma lidafuna kuboola miyala m'madera angapo kuti liyese kulimba kwake. Anthu a ku mapiri a Galloway ku Scotland ndi a madera ena adakana kwamtuwagalu, ndipo mu 1981 ntchitoyo idasiyidwa. Mu 1982 padakhazikitsidwa bungwe la Nirex kuti lifune malo. Lidaloza mgodi wakale wa pansi pa tauni ya Billingham, koma eni tauniyo adakana kugona pamwamba pa dzala, ndipo mu 1985 maganizowo adatayidwa. Mu 1986 lidatchula malo anayi: Elstow, Bradwell, Fulbeck ndi South Killingholme. Alimi ndi anthu a m'midzi adatseka misewu kuti makina oboolera asalowe. Malo onse anayi adali m'madera a aphungu a chipani cholamula cha Conservative, ndipo mu Meyi 1987, patangotsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, boma lidalengeza kuti lawasiya onse.

Bungwe la Nirex lidabwerera kufupi ndi Sellafield, poganiza kuti anthu a kumeneko, amene ambiri a iwo amadya za pa fakitaleyo, savuta. Lidaononga mapaundi mamiliyoni mazana angapo pofufuza miyala ya pafupi ndi mudzi wa Gosforth, ndipo lidapempha chilolezo chokumba mgodi woyeserera. Khonsolo ya chigawo cha Cumbria idakana. Pa kafukufuku wa poyera amene adatsatira, akatswiri ena adaonetsa kuti miyala ya pamalopo ndi yong'alukang'aluka, ndi kuti kayendedwe ka madzi a pansi sikankadziwika bwino. Mu Malichi 1997, chisankho china chili pafupi, nduna ya za chilengedwe, a John Gummer, idakana pempholo. Padatha zaka 21 chiperekere lipoti la a Flowers, ndipo dzala lidali lisadayambe n'komwe kukumbidwa. Njira yonseyi idali ndi chilema chimodzi: akuluakulu ankasankha malo kuseri, kenaka n'kudzauza eni dera, ndipo eni dera akakwiya boma linkabwerera m'mbuyo. Akale adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono nkhani ya ndalama. Kwa zaka zambiri mtengo wophwasula ng'anjo ndi wosamala zinyalala udali wobisika m'mabuku a mabungwe a boma. Udaonekera poyera mu 1989, pamene boma la mayi Margaret Thatcher lidafuna kugulitsa ntchito ya magetsi kwa anthu amalonda. Ogula atawerenga bwino mabukuwo adaona ngongole imene inkawadikira m'tsogolo, ndipo adakana. Boma lidachotsa ng'anjo zonse za nyukiliya pa malondawo. Mu 1996 lidagulitsa malo asanu ndi atatu atsopanoko ku kampani ya British Energy, nilitsala ndi akale a Magnox pamodzi ndi ngongole zake. Koma mu 2002 kampaniyo idatsala pang'ono kugwa, ndipo boma lidaipulumutsa ndi ngongole ya mapaundi 650 miliyoni, nilivomeranso kudzakwaniritsa pamene thumba la ndalama zophwasulira ng'anjozo lidzaperewere. Thumbalo lidaperewadi, ndipo pakati pa 2020 ndi 2022 boma lidathiramo mapaundi 10.7 biliyoni a msonkho.

Chiyembekezo cha pulutoniyamu nacho chidafota. Ng'anjo yoyeserera ya ku Dounreay idatsekedwa mu 1994. Chaka chomwecho ku Sellafield kudatsegulidwa fakitale yaikulu yatsopano yosungunulira ndodo, yotchedwa Thorp, imene idavomerezedwa kale mu 1978, nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti yureniyamu adzasowa pa dziko lapansi. Sadasowe ayi. Fakitaleyo idaleka ntchito yosungunula mu 2018, ndipo ya Magnox idaleka mu 2022. Zidasiya pulutoniyamu wolemera matani pafupifupi 140, mulu waukulu koposa wa pulutoniyamu wosakhala wa asilikali pa dziko lonse lapansi, wofuna alonda a mfuti usana ndi usiku. Mu Januwale 2025 boma lidagamula kuti asandutsidwe chinthu cholimba chosatheka kugwiritsidwanso ntchito, kuti adzakwiriridwe. Chimene chidalembedwa ngati chuma kwa zaka zoposa 60 chidalowa m'gulu la zinyalala.

Mu 2005 boma lidakhazikitsa bungwe la Nuclear Decommissioning Authority, nilipatsa malo 20 kuti liwayeretse. Apa ndi pamene dziko lidayamba kuwerengera ngongole yonse pamodzi, ndipo chiwerengero chake chakhala chikukwera. Mu 2013 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndalama za boma idati Sellafield idzadya mapaundi 67.5 biliyoni, mu 2024 chiwerengerocho chidafika pa 136 biliyoni. Mbali ina ya kukweraku ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, koma mbali yaikulu ndi ya kuzengereza. Nyumba zomangidwa kuti zikhale zaka makumi ochepa zakalamba zinyalala zili m'kati. Munthu sangalowemo, kotero chilichonse chiyenera kuchitidwa ndi makina oyendetsedwa munthu ali patali, ndipo makinawo ayenera kuyamba apangidwa ndi kuyesedwa. Pa nkhokwe yoyamba ija, amisiri adachita kuboola makoma ndi kuikapo zitseko zachitsulo zolemera, ndipo zinyalala zoyamba zidatuluka mu 2023, patatha zaka 70 chiziponyeremo. Nkhokwe yachiwiri idapezeka mu 2019 kuti ikudontha, ndipo lipoti la 2024 lidati malita 2,100 a madzi a cheza ankalowa m'nthaka tsiku lililonse. Kudonthako sikungathetsedwe kufikira mbali yakale ya nkhokweyo itapungulidwa, ntchito ya zaka zambiri. M'chaka cha ndalama cha 2023 mpaka 2024 chokha, Sellafield idadya mapaundi oposa 2.7 biliyoni.

Pa nkhani ya dzala, boma lidayambiranso pachiyambi. Mu 2003 lidasankha komiti ina, imene idaunika njira zonse zimene anthu adaziganizapo, ngakhale zoponya zinyalala mumlengalenga kapena pansi pa madzi oundana a kumalekezero a dziko. Mu 2006 komitiyo idabwerera ku yankho lakale lomwe lija, lakuti zikwiriridwe pansi penipeni, koma idaonjezapo mfundo yatsopano: malo asasankhidwe mokakamiza, dera lidzipereke lokha ndipo likhale ndi ufulu wotuluka. Makhonsolo a Copeland ndi Allerdale adavomera kuti kafukufuku apitirire, koma mu Januwale 2013 khonsolo yaikulu ya Cumbria idakana, ndipo zonse zidaima. Mu 2018 boma lidatulutsa ndondomeko ina, yolonjeza dera lililonse lolowa m'zokambirana mapaundi ofika 1 miliyoni pachaka a chitukuko. Madera angapo adalowa natulukanso. Mu Juni 2025 chigawo cha Lincolnshire chidatuluka, ndipo padatsala madera awiri okha, onse a ku Cumbria. Dzalalo lakonzedwa kuti lidzakhale pakati pa mamita 200 ndi 1,000 pansi pa nthaka. Mu 2022 mtengo wake udayerekezedwa pakati pa mapaundi 20 biliyoni ndi 53 biliyoni, ndipo zinyalala zoyamba zidayembekezeka kudzalowamo m'zaka za m'ma 2050, pafupifupi zaka 100 chiyatsire Calder Hall.

Wina angaganize kuti vutoli lilibe yankho kulikonse. Dziko la Finland, kumpoto kwa Ulaya, lidaonetsa kuti yankho lilipo. Mu 1983, ng'anjo zake zikadali zatsopano, boma la kumeneko lidaika ndondomeko ya zaka zofunira malo, zosankhira ndi zokumbira, ndipo maboma otsatira adaitsata. Mu 1988 lidakhazikitsa thumba limene makampani a magetsi amaponyamo ndalama, kuti mtengo wa zinyalala ulowe m'mtengo wa magetsi pamene akugulitsidwa. Mu 1994 lidaika lamulo lakuti zinyalala za Finland zikwiriridwe mu Finland momwemo. Khonsolo ya dera lililonse loganiziridwa idapatsidwa mphamvu yokana. Mu 2000 khonsolo ya Eurajoki idavomera ndi mavoti 20 kwa 7, ndipo mu 2001 Nyumba ya Malamulo idavomereza ndi mavoti 159 kwa 3. Kukumba kudayamba mu 2004 pa chilumba cha Olkiluoto, pamalo otchedwa Onkalo, m'thanthwe lakalekale, kutsika mamita oposa 400. Ndodo zotha zidzaikidwa m'migolo ya mkuwa yokutidwa ndi dongo lotupa likanyowa, ndipo mu 2024 adayamba kuyesa ntchito yonseyo ndi migolo yopanda ndodo.

Kunena zoona, katundu wa Finland ndi wopepuka pomuyerekeza ndi wa Britain. Dzikolo silidapange bomba, silidasungunule ndodo, ndipo ng'anjo zake zopukusa magetsi ndi zisanu zokha. Koma kusiyana kwakukulu sikuli m'miyala kapena m'nzeru za amisiri. A ku Finland adagamula msanga, adasonkha ndalama magetsi akadali kuyaka, ndipo adafunsa eni dera asadabweretse makina. A ku Britain adachita zitatu zonsezi mochedwa, chilichonse pambuyo poti njira yachidule yalephera.

Dziko la Britain lidatolapo phunziro, ngakhale mochedwa. Lamulo la mu 2008 lidanena kuti kampani iliyonse yofuna kumanga ng'anjo yatsopano iyambe yaonetsa ndondomeko ya ndalama zodzaphwasulira ng'anjoyo ndi zodzasamalira zinyalala zake, ndipo malo atsopano a Hinkley Point C ndiwo adali oyamba kumangidwa pansi pa lamuloli. Ndi nzeru yomwe ija ya makolo yakuti walira mvula walira matope. Koma lamulolo silifafaniza ngongole yakale, pakuti mlandu suwola. Amene adagamula za 1947 ndi za 1956 adachita zimene ankaziona zofunika pa nthawi ya mantha a nkhondo ndi ya kusowa kwa malasha, ndipo magetsiwo adathandizadi dziko. Cholakwa chidali kuwerenga phindu lokha, mtengo n'kuusiyira anthu amene adali asadabadwe, amene sakadatha kuvota kapena kukana.

Ku Sellafield kumagwira ntchito anthu oposa 10,000, ndipo mphamvu ya nyukiliya siidapukusenso magetsi kumeneko chitsekere Calder Hall. Ntchito yawo ndi yovuula matope m'maiwe, yotapa makoko m'nkhokwe pang'onopang'ono, ndi yosunga madzi oopsa koposa amene adasandutsidwa galasi natsekeredwa m'migolo yachitsulo. Zonsezi amazilonga m'mabokosi atsopano ndi kuziika m'nyumba zatsopano, zimene nazonso zidzakalamba pa nthawi yake. Mabokosiwo akudikira dzala limene malo ake sadasankhidwebe, ndipo chaka chilichonse chodikira chili ndi mtengo wake, umene wopereka msonkho amalipira.